Batani la HOLD m'galimoto: momwe limagwirira mabuleki ndi nthawi yolizimitsa

Galimoto zambiri zimene zikuchokera ku Japan masiku ano zilibenso handibuleki yokoka ndi dzanja ija. Pamalo pake pali kabatani ka handibuleki yamagetsi kolembedwa P, ndipo pafupi nako pali kena kolembedwa HOLD, BRAKE HOLD kapena AUTO HOLD. Honda Vezel inayamba kutuluka nako mu 2013, Toyota C-HR mu 2016, Honda Fit yatsopano mu 2020. Pa BMW kalembedwa AUTO H. Eni galimoto ambiri sakakhudza n'komwe poopa kuwononga. Ena amakayatsa n'kumakadalira ngati kuti ndi handibuleki, ndipo awa ndi amene ali pangozi, chifukwa batanili linapangidwa kuti lipumitse phazi lanu pa maloboti kapena pa mdipiti wa galimoto, osati kuti lisunge galimoto imene mwaimika.

Ntchito yake ndi iyi. Mukaponda buleki mpaka galimoto kuimiratu, mutha kuchotsa phazi, galimoto osasuntha, ngakhale giya ili pa D. Magetsi ofiira akumbuyo amakhala akuyakabe. Mukaponda moto, mabuleki amasiya okha, galimoto n'kunyamuka.

Kuti mudziwe pamene mungalikhulupirire, muyenera kudziwa chimene chimagwira matayalawo. Mukaponda buleki, mumakankha mafuta a mabuleki kudzera m'mapaipi mpaka ku tayala lililonse, kumene pisitoni imakanikiza mapadi pa disiki. Pakati pa njira ya mafutawo pali bokosi la ABS (dongosolo loletsa matayala kumangika mukaponda buleki mwadzidzidzi), la aluminiyamu, lokhala ndi mapaipi angapo, limene mungalione mukatsegula boneti. M'bokosimo muli mavalavu oyendera magetsi ndi pampu yaing'ono. Kompyuta ikaona kuti masensa a m'matayala onse anayi akusonyeza kuti galimoto yaima, imatseka mavalavu aja, mafuta amene munakankha n'kutsekeredwa kumatayala. Phazi likachoka, mafutawo alibe kobwerera, choncho mapadi amakhala atakanikizabe. Pa galimoto zambiri, sensa ikamva kuti tayala layamba kutembenuka, pampu imawonjezera mphamvu yokha.

Pamenepa pali mfundo ziwiri. Yoyamba, mphamvu imene yagwira galimoto ndi imene phazi lanu linaika. Mukaima mwa kungokhudza buleki pang'ono, HOLD mwina siyaka, kapena igwira mofooka. Yachiwiri, mavalavu aja amatsekeka ndi magetsi. Sangakhale otseka mpaka kalekale, chifukwa amatentha, ndipo mafuta opanikizika amatha kumadutsa pang'onopang'ono. N'chifukwa chake opanga galimoto anaika malire a nthawi. Pa Toyota zambiri, pakatha mphindi pafupifupi 3, galimoto imakoka yokha handibuleki yamagetsi. Pa Honda malire ake ndi mphindi 10. Mudzamva kulira kwa mota kumbuyo, nyali yofiira ya handibuleki n'kuyaka. Palibe chawonongeka, galimoto yangosamutsa ntchitoyo kuchoka ku mafuta kupita ku mamota.

Handibuleki yamagetsi ndi chinthu china ndithu. Imagwira matayala akumbuyo okha, kawirikawiri ndi kamota kamene kali pa kalipa iliyonse (chitsulo chokumbatira disiki, mmene muli pisitoni ndi mapadi), kamene kamapota sikulu n'kukankha pisitoni. Ikagwira yagwira, ngakhale mutazimitsa injini kapena kuchotsa batire. HOLD imagwira matayala onse anayi, koma imafuna kuti galimoto ikhale yoyatsidwa komanso kuti magetsi akhalepo. Palinso chachitatu chimene anthu amachisokoneza ndi ziwirizi, chothandiza kunyamuka pa chitunda, chimene chilibe batani ndipo chimapezeka ngakhale m'galimoto za handibuleki yakale. Chimenechi chimagwira masekondi pafupifupi 2 okha, ongokwanira kuti phazi lichoke pa buleki kupita pa moto. Amene anazolowera HOLD akalowa m'galimoto yotere amayesa kuti yagwira, kenaka amadzidzimuka ikubwerera m'mbuyo.

Kagwiritsidwe ntchito kake

Lowani, tsekani chitseko, mangani lamba, lizani injini, kenaka dinani batanilo. Chitseko cha woyendetsa chikakhala chosatsekeka bwino kapena lamba akakhala wosamanga, Toyota ikana kuyatsa. Honda nayonso imafuna lamba. Batani likavomera, pa dashibodi pamayaka nyali yoyamba, yosonyeza kuti dongosololi ladzuka ndipo likudikira. Nyali imeneyi sikutanthauza kuti mabuleki agwira. Yachiwiri ndi imene imanena zimenezo, ndipo imayaka pokhapokha mutaima n'kuponda buleki mokwanira. Pa Toyota yodikira ndi yobiriwira, yogwira ndi yachikasu. Pa Hyundai ndi Kia mawu akuti AUTO HOLD amayaka moyera podikira, n'kusanduka obiriwira mabuleki akagwira, ndipo akakhala achikasu ndiye kuti pali vuto. Pa Volkswagen pamayaka P wobiriwira. Mercedes-Benz zambiri zilibe batani n'komwe: mukaima, mumangokankhira buleki pansi mwachangu, mawu akuti HOLD n'kuoneka.

Mitundu ya nyaliyi siigwirizana, choncho phunzirani ya galimoto yanu ili pamalo abwino, osati pamsewu. Pezani bwalo lathyathyathya lopanda anthu, yatsani batani, yendani pang'ono, imani, yang'anani nyali imene yawonjezeka, kenaka kwezani phazi pang'onopang'ono koma lili pamwamba pa buleki. Bwerezani pa kachitunda kakang'ono. Lamulo loyenera kukhala m'magazi ndi lakuti phazi silichoka pa buleki diso lisanaone nyali yachiwiri ija.

Ponyamuka, pondani moto mofatsa. Ambiri amadandaula kuti galimoto imadumpha, koma chimachitika n'chakuti amaponda pang'ono, saona kanthu kwa kamphindi pamene mavalavu akutseguka, n'kuwonjezera moto, ndiye mabuleki amasiya injini itakwera kale. Khudzani pang'ono, dikirani galimoto iyambe kuyenda, kenaka wonjezerani. Kamkokomo kapena kugunda pang'ono kumatayala ponyamuka ndi mapadi akusiya disiki, ndipo kumamveka kwambiri m'mawa kapena mvula ikagwa chifukwa cha dzimbiri lopyapyala limene limachita pa disiki. M'galimoto zozimitsa injini zokha mukaima, HOLD ikagwira injini imakhala chozima mpaka mutaponda moto, ndiye kuchedwa kuja kumakulirapo: injini ilire kaye, kenaka mabuleki asiye. Polowa raundabauti yothithikana kapena podutsa msewu waukulu, kachedwe kameneka muzikawerengera.

M'galimoto ya manual, monga Volkswagen Golf zina, HOLD imasiya ikamva kuti kalachi yayamba kugwira ndipo injini ili ndi mphamvu yokoka. Pa chitunda zimenezi zimapulumutsa kalachi kwambiri, chifukwa simufunikanso kuigwiritsa theka kuti galimoto isabwerere.

Kuzimitsa kulinso ndi njira yake. Ngati mabuleki agwira kale, pondani buleki kaye, kenaka dinani batani. Mukadina osaponda, galimoto ina ikana, ina ikoka handibuleki. Dziwaninso kuti Toyota ndi Honda zambiri zimaiwala batanili mukazimitsa injini, moti muyenera kulidinanso ulendo uliwonse. Zina zimakumbukira. Munthu waima pa sitolo mphindi zochepa, walizanso injini, wafika pa maloboti n'kukweza phazi monga mwa nthawi zonse, galimoto n'kukagunda bampala ya mnzake. Ngozi zazing'ono zoterezi zimachokera pa kuiwala kumeneku, komanso pa kusinthana galimoto, lero yanu mawa ya kuntchito.

Pamene limathandizadi ndi pa kuima kwa masekondi angapo mpaka mphindi imodzi kapena ziwiri: maloboti, mdipiti wa m'mawa ndi madzulo pa Chipembere Highway, zitunda za mu Blantyre zimene wakumbuyo amakuyandikirani mpaka pa bampala. Mwendo umapuma, ndipo kwa amene amavutika ndi bondo kapena msana kusiyana kwake n'kwakukulu. Anthu amafunsa ngati limadya mapadi. Ayi, mapadi amatha akamakhuzana ndi disiki yozungulira, ndipo apa disiki yaima. Giyabokosi nayonso sisiyanitsa kuti buleki yagwidwa ndi phazi kapena ndi valavu. Koma ngati mukhalitsa, monga pa mzere wa mafuta kapena podikira munthu, ikani giya pa P ndi kukoka handibuleki. Injini siilimbananso ndi mabuleki, mafuta a giyabokosi satentha pachabe, ndipo magetsi ofiira sathobwa m'maso woyendetsa wakumbuyo usiku. Ku Britain, ndime 114 ya Highway Code imalangiza zomwezo, kuti pa mzere woima muzikoka handibuleki ndi kusiya buleki ya phazi wakumbuyo akaima, kuti musamuthobwe.

Galimoto idakali m'giya

Ngozi yaikulu ya HOLD ndi yakuti imakuiwalitsani kuti galimoto ili pa D. Phazi lili pansi, manja ali omasuka, galimoto ili phee, thupi n'kumva ngati mwaimika. Komatu chimene chikuilekanitsa ndi kuyenda ndi kukhudza chopondera moto basi. Mukatembenuka kuti mutenge chikwama kumpando wakumbuyo, kapena mukadzinyamula kuti mutulutse ndalama m'thumba la buluku, phazi limafuna poponda, ndipo likapeza moto galimoto inyamuka inu mukuyang'ana kwina. Botolo logubuduka kapena kapeti wosakhazikika angachitenso chimodzimodzi. Choncho pamene wina akutsika kapena kukwera, pamene mukulankhula ndi wapolisi pa rodibuloko, pamene mukugula zinthu pa windo anthu atazungulira galimoto, ikani P. Sizitenga ndi sekondi yomwe. Poima mwachizolowezi, phazi lizikhala pafupi ndi buleki, osati pamwamba pa moto.

M'galimoto za hybrid, zoyendera injini pamodzi ndi mota yamagetsi, vutoli limakula, chifukwa injini imazima yokha, ndiye palibe phokoso lokukumbutsani. Nyali ya READY ikakhala ikuyaka, galimotoyo ndi yamoyo ndipo itha kuyenda.

Opanga galimoto anaganizira za munthu woiwala. Mukamasula lamba mabuleki atagwira, galimoto imakoka handibuleki yokha, ndipo zambiri zimateronso mukatsegula chitseko kapena kuzimitsa injini. Chitetezo chimenechi n'chabwino, koma chimadalira tizipangizo ting'onoting'ono, kaswichi ka m'chomangira lamba ndi ka pa chitseko. Amene amamanga lamba kumbuyo kwa msana kuti belu lisalire, kapena kulowetsa kachitsulo m'chomangiracho, amanamiza kompyuta kuti woyendetsa adakali pampando. Munthu wotero akatsika kukatsegula geti giya ili pa D, wachotsa yekha mbali ya chitetezo chimene chikanamupulumutsa. Ana akakhala m'galimotomo, nkhani yake n'njoopsa. Musatsike galimoto isanakhale pa P ndi handibuleki, ngakhale geti lili pafupi chotani.

Malo olizimitsa

Galimoto ya otomatiki imakwawa yokha mukangosiya buleki, ndipo kukwawa kumeneku ndi kumene timaimikira nako pamalo opanikiza: phazi limodzi pa buleki, kumasula pang'ono, kugwiranso. HOLD imachotsa kukwawako. Nthawi iliyonse mukaima imagwira, ndipo kuti musunthe masentimita 20 okha muyenera kuponda moto, pamene khoma kapena galimoto ya mnzanu ili pomwepo. Choncho polowa m'galaja, poimika pakati pa galimoto ziwiri, pokwera pa dzenje la makaniko, pokoleka ngolo, zimitsani kaye. Pa Toyota ndi Honda dongosololi siligwira giya ikakhala pa R, koma pa galimoto zina limagwira ngakhale pobwerera m'mbuyo, ndiye yesani yanu mudziwe. Pa mdipiti woyenda pang'onopang'ono, pamene mukusuntha mita imodzi n'kuima, mita ina n'kuima, ena amaona kuti kukwawa kwachibadwa kuja kuli bwino kuposa kumangodina moto, ndipo akunena zoona.

M'matope ndi mumchenga lizimitseninso. Galimoto ikatitimira, njira yoitulutsira ndi kuigwedeza, kutsogolo pang'ono, m'mbuyo pang'ono, ndipo HOLD imadula kugwedezako pogwira mabuleki nthawi iliyonse matayala akaima. Anthu akamakankha, kumbukirani kuti pa galimoto zambiri imagwirabe ngakhale giya ili pa N, moti akankha mpaka kutopa osadziwa kuti akulimbana ndi mabuleki. N'chimodzimodzi pokokedwa ndi chingwe, kapena m'malo otsukira galimoto a makina okoka matayala, amene amapezeka ku South Africa ndi ku Britain.

Pa malo oterera pali msampha wina. Kompyuta imadziwa kuti galimoto yaima poyang'ana matayala. Pa chitunda cha dothi lofiira lonyowa, matayala atha kukhala osazungulira koma galimoto yonse ikutsetsereka, ndipo kwa masensa a m'matayala zonse zimaoneka kuti zili bwino. HOLD imagwira tayala, siingagwire nthaka. Pa chitunda chachikulu kwambiri, makamaka mutanyamula katundu wolemera kapena mukukoka ngolo, mabuku a galimoto enieniwo amachenjeza kuti mwina siikwanitsa. Belu likalira ndipo pa dashibodi pakabwera uthenga, pondani buleki nthawi yomweyo, muwerenge pambuyo. Galimoto zochokera ku Japan zimalemba uthengawo m'Chijapanizi, choncho mukaima pabwino ujambuleni ndi foni n'kuumasulira, kuti tsiku lina mudzauzindikire msanga.

Mukatsika mtsetse wautali, monga wa Chiweta, wa Golomoti kapena wochokera pamwamba pa phiri la Zomba, madisiki amakhala otentha kwambiri. Kukanikiza mapadi pamalo amodzi a disiki yotentha chotero kwa nthawi yaitali kumatha kusiya chipsera cha padi, chimene pambuyo pake chimanjenjemeretsa chiwongolero mukamaponda buleki. Phazi lingachitenso zomwezo, koma phazi limatha kumasula pang'ono, pamene HOLD imasunga mphamvu yonse imene munaimira nayo. Tsikani ndi giya yotsika kuti injini ithandize, ndipo mukafika pansi yendani pang'ono mabuleki azizire musanaime nthawi yaitali.

Likakana kugwira ntchito

Yambani ndi zosavuta. Lamba walowa mpaka kulira? Chitseko chatsekeka, nanga nyali yake yazima? Munaponda buleki mokwanira? Kaswichi ka lamba kakadzaza fumbi kapena waya wa pansi pa mpando akaduka, HOLD siyaka ngakhale zina zonse zili bwino.

Nyali ya ABS ndi ija ya chithunzi cha galimoto yoterereka zikayaka limodzi ndi ya HOLD, kawirikawiri vuto lili pa sensa ya tayala limodzi. Dongosolo lonseli limakhala m'bokosi limodzi, ndiye sensa imodzi ikafa zonse zimazima. Waya wake umadutsa pafupi ndi tayala, kumene miyala ndi matope zimaumenya, ndipo umadukanso posintha mashoko mosasamala. Beringi ina imakhala ndi mkombero wa maginito mbali imodzi yokha, umene sensa imawerenga, moti ikalowetsedwa chotembenuza nyali zimayaka mutangotuluka m'galaja. Kaswichi ka pa chopondera buleki, kamene kamayatsa magetsi akumbuyo, kakafooka kamabweretsanso mavuto omwewa. Kulumikiza kompyuta yoyezera kumaonetsa tayala lenilenilo, ndipo n'kotchipa kuposa kugula zipangizo mongoganizira.

Batire yofooka ndi gwero lina la nyali zambirimbiri zoyaka nthawi imodzi. Batire yabwino ikapuma imasonyeza mavolti pafupifupi 12.6, ndipo injini ikamalira pamakhala 13.5 mpaka 14.5. Ikatsika kufika cha m'ma 12.0 ili chopuma, yafooka, ndipo mamota a handibuleki, amene amakoka magetsi ambiri kwa kanthawi kochepa, amayamba kuvuta. Batire ikaferatu handibuleki itagwira, simungaimasule ndi batani. Musakoke galimoto matayala akumbuyo ali chomangika. Lumikizani batire ina kaye, yatsani, pondani buleki, masulani, kenaka muisunthe.

Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi cha mumpweya. Chinyezicho chimachititsa dzimbiri mkati mwa bokosi la ABS, ndipo mavalavu ake ali ndi timipata tating'ono kwambiri, tosachedwa kutsekeka kapena kudontha. HOLD ikayamba kumasula yokha, kapena pampu ikamalira pafupipafupi muli chiimire, apa ndi poyambira kufufuza. Sinthani mafutawa zaka 2 kapena 3 zilizonse, ndipo thirani mtundu umene walembedwa pa chivindikiro, DOT 3 kapena DOT 4, kuchokera m'botolo losatsegulidwa. Mpweya ukatsala m'mapaipi mutasintha, buleki imakhala yofewa ndipo mphamvu yotsekeredwa ija imachepa.

Posintha mapadi akumbuyo, amene ayenera kuchotsedwa akatsala mamilimita pafupifupi 3, m'pamene galimoto zambiri zoterezi zimawonongekera. Pa kalipa wamba, makaniko amangokankha pisitoni ndi chopanira. Pa kalipa ya mota, kumbuyo kwa pisitoni kuli sikulu, ndipo kukankha mwamphamvu sikuluyo isanabwezedwe kumaphwanya timagiya ta mota. Handibuleki iyenera kuikidwa kaye pa dongosolo lokonzera, kudzera pa kompyuta yoyezera kapena potsata ndondomeko ya m'buku la galimotoyo, kuti mota ibwerere yokha. Ntchito isanayambe HOLD izimitsidwe, pamodzi ndi dongosolo lokoka handibuleki yokha giya ikafika pa P, kuti mota isakankhe pisitoni kalipa ili m'manja. Akamaliza, aponde buleki kangapo mpaka ilimbe, atulutse galimoto pa dongosolo lokonzera, kenaka akoke ndi kumasula handibuleki kawiri kapena katatu kuti mota ipeze malo atsopano a mapadi. Musanasiye galimoto m'galaja, funsani amakaniko kuti pisitoni yakumbuyo aibweza bwanji, ndipo akatchula chopanira chokha, pitani nayo kwina.